Tikaimba pa laputopu mawu akumachedwa, kodi ndigule ina?

Funso ili lachokera kwa mayi ena a ku Senga Bay, m'boma la Salima. Iwo akuti: "Ndili ndi laputopu ya Windows yomwe ndinagula itagwirapo kale ntchito. Ine ndi ana timakonda kuimba karaoke madzulo, ndipo mwana wanga wamkazi, yemwe amaimba kwaya kutchalitchi, akufuna kumajambula mawu ake. Ndinagula maikolofoni n'kuilumikiza ku laputopu. Koma tikaimba, mawu akumatuluka mochedwa m'masipika, nthawi zina masipikawo akumalira tswiii. Tikajambula, mawu akumamveka akutali ndipo pansi pake pakumalira ng'uuu. Kodi laputopuyi ndi yofooka, ndigule ina? Nanga nyimbo za Chichewa zopanda mawu a woimba ndingazipeze kuti?"

Mayi, laputopu yanuyo isungeni, ndalama zogulira ina musawononge. Makina amene akutha kuonetsa kanema wa pa YouTube osadukizadukiza angathenso kuliza nyimbo za karaoke ndi kujambula mawu a munthu mmodzi. Chimene chachitika n'chakuti mwaisenzetsa ntchito ziwiri pakamodzi. Kuimba mosangalala pabalaza ndi ntchito ina, kujambula ndi inanso, ndipo iliyonse ili ndi kalumikizidwe kakekake ka zingwe. Mukazilekanitsa, ambiri mwa mavuto mwatchulawa atha tsiku lomwelo.

Tiyambe ndi kuchedwa kwa mawu, chifukwa n'kumene kumagwetsa anthu ambiri ulesi. Mukaimba pa maikolofoni yolowa m'laputopu, mawuwo amasandutsidwa manambala. Windows imasonkhanitsa manambalawo m'timagulu, kenako imawabweza kukhala mawu n'kuwatumiza ku sipika. Ulendo umenewu umadya nthawi, ndipo anthu a m'masitudiyo amautcha latency. Amauyeza ndi ma millisecond, omwe amakwana 1,000 pa sekondi imodzi. Mawu amayenda mumpweya pafupifupi mamita 343 pa sekondi, choncho kuchedwa kwa ma millisecond 10 n'chimodzimodzi kuima mamita atatu ndi theka kuchokera pa sipika, ndipo khutu silidandaula nazo. Koma kukafika pa 100, zili ngati sipika ili mamita 34 kutali. Mukudziwa mmene zimakhalira munthu akamasinja kutsidya kwa bwalo: musi umayamba wagwa, kulira kwake n'kumabwera pambuyo. Woimba akamva mawu ake akubwera motero amayamba kudzidikirira mosadziwa, kenako amataya biti. Ana anuwo musawadzudzule kuti sakutsata nyimbo. Ngakhale woimba wodziwa sangaimbe bwino akudzimva mochedwa.

Ndikuganiza kuti munatsegula malo aja a mu Windows olembedwa kuti "Listen to this device" n'cholinga choti maikolofoni izimveka m'masipika. Atsekeni. Sanapangidwire kuimba. Ndipo ngati masipika anu ndi a Bluetooth ndiye kuti kuchedwako kwawirikiza, chifukwa Bluetooth payokha imawonjezera ma millisecond opitirira 100 pa zipangizo zambiri.

Pa karaoke ya pabalaza, mawu a woimba asadutse m'kompyuta ayi. Laputopu ikhale ndi ntchito yoliza nyimbo ndi kuonetsa mawu pa sikirini, basi. Maikolofoni ilowe mwachindunji m'chipangizo chimene chimasakaniza mawu popanda kuwasandutsa manambala. Ngati muli ndi sipika zamatayala zija zokhala ndi bowo la maikolofoni ndi batire mkati, muli nazo kale zonse zofunika: maikolofoni pa bowo lake, nyimbo zochokera m'laputopu zilowe pa bowo la AUX kudzera pa chingwe chochokera pamene mumaika mahedifoni. Ngati masipika anu alibe bowo la maikolofoni, gulani kamikisa kakang'ono ka malo olowetsera awiri kapena anayi. Maikolofoni ilowe pa malo oyamba, laputopu pa ena, ndipo mikisayo itumize zonse ku masipika. Mikisa zambiri zazing'ono zimakhala ndi kabatani ka eko, komwe ana amakakonda kwambiri. Muzikatsegula pang'ono. Eko yambiri imabisa mawu, ndipo mwana wofuna kukula pa kuimba ayenera kumadzimva bwinobwino pamene waphonya.

Nyimbo yokhayo mungaitumize pa Bluetooth osavutika kwenikweni, poti woimba amatsata zimene akumva. Mawu olembedwa pa sikirini ndi amene angatsogoleko pang'ono. Komabe chingwe n'chodalirika. Mukafuna kuti banja lonse liziwerenga mawu pa TV, lumikizani HDMI, koma muuze Windows kuti nyimbo izitulukira pa bowo la mahedifoni osati pa TV, chifukwa ma TV ambiri nawonso amachedwetsa mawu.

Kulira kwa tswiii kuja kumabwera maikolofoni ikamva sipika, n'kutumiza zomwe yamvazo ku sipika yomweyo, mozungulira, mpaka zitakula. Masipika aike kutsogolo kwa oimba, atayang'ana kwina, ndipo maikolofoni isaloze kwa iwo. Woimba aziyandikiza pakamwa m'malo mokweza volyumu. Pali chizolowezi chimodzi chimene ndimachiona kwambiri pa maukwati ndi m'matchalitchi, chogwira maikolofoni kumutu kwenikweni, dzanja litaphimba waya wozungulira uja. Kugwira kotero kumatseka timipata takumbuyo tomwe timathandiza maikolofoni kukana phokoso la m'mbali, ndiye imayamba kumva zochokera kulikonse ndipo kulira kumayamba msanga. Aphunzitseni ana kugwira pachigwiriro.

Simunanene mtundu wa maikolofoni imene munagula, ndipo nkhani yake ndi yaikulu. Ilipo ya dynamic, yogwira pamanja ngati ya pa guwa, ndiponso ya condenser, imene mumaiona m'zithunzi za m'masitudiyo itapachikidwa pa kachitsulo. Ya condenser imamva kwambiri. Imatola fani, tambala wa kwa aneba, njinga yamoto yodutsa pamsewu wa ku boma, ngakhale mafunde nthawi ya mwera. Yambiri imafunanso magetsi a 48V ochokera ku mikisa, omwe bowo la laputopu silipereka. Zotchipa zija zolembedwa BM-800 zimaoneka zokongola m'katoni, koma zikalumikizidwa pa laputopu mwachindunji kawirikawiri mawu ake amakhala otsika ndi aphokoso. Kwa nyumba ya ku Senga Bay ine ndingasankhe ya dynamic popanda kuganiza kawiri. Siiopa fumbi ndi chinyontho ngati inzakeyo, ikagwa pansi nthawi zambiri imapirira, ndipo imamva kwenikweni chimene chili pafupi nayo. Yodziwika kwambiri ndi Shure SM58, yomwe inayamba kupangidwa mu 1966 ndipo mpaka lero ikugwira ntchito pa masiteji padziko lonse. Kutchuka kwakeko kwachititsa kuti zabodza zichuluke, choncho mukaipeza pa mtengo wotsika modabwitsa dziwani kuti si yeniyeni. Simukukakamizidwa kugula imeneyo. Ya dynamic iliyonse yokhala ndi chingwe cha XLR, cha mano atatu chija, ikukwanirani.

Tsopano za nyimbo. Za Chingerezi ndi za ku Nigeria kapena ku South Africa n'zosavuta: pa YouTube lembani dzina la nyimbo ndi mawu akuti karaoke kapena instrumental. Zimadya bandulo, koma mukatsitsa kanemayo kufika pa 360p mawu olembedwa amawerengekabe. Pulogalamu ya KaraFun ili ndi nyimbo zambiri zokonzedwa bwino koma imalipiritsa. Palinso mafayilo a MP3+G, omwe amabwera awiriawiri, ina ya nyimbo ina ya mawu, ndipo pulogalamu yoonetsa makanema ya VLC imawatsegula malinga akhale m'foda imodzi ndi dzina lofanana.

Za Chichewa ndiye muyenera kudzikonzera, chifukwa makampani a karaoke sanazilabadire. Njira imene ndimaikonda kuposa zonse, makamaka pa nyimbo zauzimu, ili pafupi nanu kale: woimba kiyibodi wa kwaya ya mwana wanuyo. Mupempheni aimbe nyimboyo pa kiyibodi yake, inu mujambule kudzera pa chingwe. Mupeza nyimbo yoyera, pa kiyi yogwirizana ndi mawu a mwanayo, pa liwiro limene iye amaimbira. Njira ina ndi kufunsa woimba kapena situdiyo imene inajambula nyimboyo ngati angakupatseni biti yake, popeza amaisunga payokha.

Kuchotsa mawu m'nyimbo yomalizidwa kale n'kotheka, koma musayembekezere zodabwitsa. Njira yakale, yomwe inkabwera ndi pulogalamu yojambulira mawu ya Audacity mpaka 2024 pa dzina la Vocal Reduction and Isolation, imadalira kuti woimba amaikidwa pakati, mofanana kumanzere ndi kumanja. Pulogalamuyo imachotsa chilichonse chimene chili pakatipo. Vuto n'lakuti besi ndi ng'oma yaikulu zimakhalanso pakati, ndiye zimapita limodzi ndi woimba, nyimbo n'kutsala yopanda mphamvu, pamene eko ya woimbayo imatsalira m'mbali. Fayilo ikakhala ya mono, yopanda kusiyana kwa kumanzere ndi kumanja, njirayi siigwira n'komwe. Ndipo nyimbo zambiri zimene timatenga kwa anyamata oika nyimbo m'mafulashi zadutsa m'mafoni ambirimbiri, zafinyidwa kangapo, moti zotsatira zake zimakhala zosamveka bwino. Njira yatsopano imagwiritsa ntchito AI kulekanitsa mawu ndi zida. Ultimate Vocal Remover ndi yaulere ndipo imachita bwino kwambiri, ngakhale pa laputopu yakale nyimbo imodzi ingatenge nthawi yaitali, fani ikulira. Moises imachita zomwezo kudzera pa intaneti. Zonsezi zimafuna kuti muyambe ndi fayilo yabwino.

Mawu olembedwa asakuvuteni. Alembeni ndi zilembo zikuluzikulu mu PowerPoint, ndime imodzi pa tsamba, mwana wina azidina. Mukadzafuna oyenda okha motsata nyimbo, pulogalamu yaulere ya Aegisub imakonza zimenezo, koma imafuna kuleza mtima.

Tifike pa kujambula, pomwe ndikufuna mwana wanuyo awerenge nanu limodzi. Apa masipika onse azimitsidwe. Woimba amve nyimbo m'mahedifoni a chingwe, otseka makutu bwino, kuti maikolofoni imve mawu ake okha. Mukajambula masipika akulira, nyimbo imalowa kawiri, ina yoyera ina yobwerera m'makoma, ndipo simungazilekanitsenso. Chimenechi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe mawu anu akumvekera akutali.

Chipangizo chimene chimasintha zinthu kwambiri apa ndi audio interface, kabokosi kolowa pa USB komwe kamalandira maikolofoni ndi mahedifoni. Behringer UMC22 ndi Focusrite Scarlett Solo ndi zitsanzo za toyambira. Bowo la laputopu linapangidwira kuyankhulana pa intaneti, silikweza bwino mawu a maikolofoni ya dynamic, ndipo lili pafupi ndi zida zina za mkati zomwe zimalowetsa phokoso. Kabokosika kali ndi batani la direct monitor, lomwe limabweza mawu a woimba m'mahedifoni asanalowe m'kompyuta, choncho amadzimva nthawi yomweyo. Ngati mukugula mikisa ya karaoke, funani yokhala ndi USB yojambulira, igwire ntchito zonse ziwiri. Tizipangizo tija totchedwa V8, tokhala ndi mabatani a kuwomba m'manja ndi kuseka, n'tabwino posangalala ndi popanga Facebook live. Pojambula nyimbo yoti isungidwe sindingakulangizeni, chifukwa timasakaniza mawu, nyimbo ndi eko pamodzi, ndipo zikasakanizika simungakonze chimodzi osakhudza chinzake.

Pulogalamu yojambulira tengani Audacity. Ndi yaulere, ilipo kuyambira m'chaka cha 2000, ndipo siilemetsa makina. Muitenge pa tsamba lake lenileni, musalole wina akuikireni mapulogalamu akuba amene amabwera ndi mavairasi. Kokerani nyimbo ija mkati, ikhala pa mzere wake. Sankhani kabokosi kanu ngati polowera ndi potulukira mawu, ndipo mujambule mu mono popeza pakamwa ndi pamodzi. Onetsetsani kuti njira yomvera mizere ina pojambula ndi yotsegula. M'ma Audacity akale imatchedwa Overdub. Mukadina Shift ndi R pamodzi, mawu amalowa pa mzere watsopano pansi pa nyimboyo. Musanayambe, mwanayo aimbe malo amene amakweza kwambiri, inu muchepetse gain, kabatani kokweza mphamvu ya maikolofoni, mpaka muyezo wa mu Audacity uzifika pakati pa -12 ndi -6 dB. Ukagunda 0 mawu amasweka, ndipo osweka sakonzeka. Otsika mungawakweze pambuyo pake. Pakamwa pakhale pa mtunda wa zala zinayi kuchokera pa maikolofoni. Mpweya wa zilembo ngati p ndi ph umaphulika pa maikolofoni. Kansalu kopyapyala kokungidwa pa waya wopindidwa mozungulira, koikidwa pakati pa pakamwa ndi maikolofoni, kamathetsa zimenezo.

Mukamvetsera n'kupeza kuti mawu atsalira pang'ono kumbuyo kwa biti, ndi latency yomwe ija, koma apa ndi yosavuta. Mungakokere mzere wa mawuwo kumanzere pang'ono mpaka zigwirizane. Kuti musamachite zimenezi nthawi zonse, pangani Rhythm Track, womwe ndi mzere wa kugogoda umene Audacity imapanga yokha, gunditsani hedifoni pa maikolofoni, jambulani kugogodako, yezani kusiyana kwa mizere iwiriyo, ndipo nambalayo muilembe pa Latency compensation ndi chizindikiro chochotsera kutsogolo kwake. Nyimbo ikakhala yokwera kapena yotsika kwa woimba, Change Pitch imasintha kiyi osasintha liwiro. Masitepe awiri kapena atatu amamveka bwino. Mukapitirira, zida zimayamba kumveka zachilendo. Mwanayo asadzikakamize kufika pamene mmero wake sukufika.

Chipinda nachonso chimalowa m'nyimbo. Nyumba zathu zambiri ndi za simenti pansi, makoma opanda kanthu, malata pamwamba, mwina popanda siling'i. Mawu amagunda paliponse n'kubwerera ku maikolofoni. Musajambulire pabalaza. Lowani kuchipinda chogona, kumene kuli matilesi, makatani ndi zovala. Pachikani bulangeti lochindikala kumbuyo kwa woimba, yalani mkeka kapena kapeti pansi, ndipo asaime pakati penipeni pa chipinda kapena pakona. Matileyi a mazira amene ena amamata m'makoma sathandiza kwenikweni, ndi opyapyala, komanso amasunga mphemvu. Ndikudziwa kuti kutseka mawindo ndi kuzimitsa fani mu Okutobala kapena Novembala ku Salima ndi chilango. N'chifukwa chake ndimalangiza kujambula m'mamawa kwambiri kapena usiku kukazizirako, ndime imodzi imodzi, n'kumapuma. Laputopu ikatentha fani yake imalira, choncho muiike pamalo olimba, kutali ndi maikolofoni, osati pabedi. Mvula ikayamba kugwa pa malata, ingodikirani ikate.

Kulira kwa ng'uuu kumachokera ku magetsi. Magetsi a ESCOM ndi a 230V pa 50 Hz, ndipo kulira kumeneko ndi 50 Hz yomweyo imene yalowa m'zingwe za mawu. Yesani izi lero: zulani chaja, laputopu iyendere batire, mujambule pang'ono. Kulirako kukatha, vuto ndi chaja kapena soketi yopanda waya wa earth. Machaja osakhala enieni amachita zimenezi kwambiri, chimodzimodzi ma inveta otchipa a sola. Njira yachidule ndi kujambula nthawi zonse pa batire, zomwe zimakutetezaninso magetsi akazima mwadzidzidzi. Kukapanda kutha, onani chingwe cha maikolofoni: chisagone pamodzi ndi zingwe za magetsi, ndipo chikhale cha XLR mbali zonse ziwiri, chifukwa mtundu umenewu umakana phokoso lolowera m'njira. Zipangizo zonse zidyere pa extension imodzi yokhala ndi chitetezo cha magetsi obwera mwamphamvu. Noise Reduction ya mu Audacity imathandiza pa kaphokoso kotsalira, koma mukaiwonjeza mawu amaonda n'kumamveka achitsulo. Ndi bwino kuchotsa phokoso lisanajambulidwe.

Mukamaliza, musachulutse zokometsera. Dulani malo opanda kanthu, linganizani mawu ndi nyimbo kuti chilembo chilichonse chizimveka, ikani Compressor pang'ono, yolinganiza mawu okwera ndi otsika, ndi Reverb pang'ono, yomwe ndi mtundu wa eko. Kenako mvetserani pa foni wamba, poti ndi pomwe abale adzamvere. Sungani pulojekiti ndi kope la WAV, lomwe limadya pafupifupi 10 MB pa mphindi imodzi ya stereo. Lotumizira anthu likhale la MP3, lomwe pa 128 kbps limadya pafupifupi 1 MB pa mphindi. Pa WhatsApp tumizani ngati document kuti ifike momwe iliri. Ndipo muzikopera ntchito yanu pa fulashi, chifukwa hard disk ya laputopu yakale imafa osatsanzika.

Pa nkhani ya malamulo, kuimba pabalaza ndi ana palibe amene angakufunseni. Zimasintha mukatengera zipangizozi ku loji kapena kumalo achisangalalo a m'mbali mwa nyanja kuti anthu aziimba, chifukwa kuliza nyimbo pagulu kumafuna chiphaso cha COSOMA, bungwe loyang'anira umwini wa ntchito zaluso lomwe linakhazikitsidwa mu 1992 ndipo pano likugwira ntchito motsata lamulo la Copyright Act la 2016. Kugulitsa kapena kufalitsa nyimbo ya wina mutaikapo mawu anu kumafunanso chilolezo cha mwini wake. Pa YouTube ndi Facebook pali makina amene amazindikira nyimbo za eni ake, ndipo angatseke mawu a kanema wanu kapena kupereka phindu lake kwa mwiniyo. Ngati mwana wanuyo ali ndi nyimbo zopeka yekha, mulimbikitseni ajambule zimenezo ndi woimba kiyibodi uja, ndipo akazimaliza akazilembetse ku COSOMA.

Pogula, yambani ndi mahedifoni a chingwe ndi maikolofoni ya dynamic ngati imene muli nayo si yotero, kenako mikisa ya USB kapena kabokosi kaja. Masipika akuluakulu adikire. Mukamapita ku Lilongwe kukagula, nyamulani laputopu ndi mahedifoni anu, Audacity ili kale mkati. Lumikizani pashopu pomwepo, jambulani mphindi imodzi, gwedezani zingwe kuti mumve ngati zikuthetheka, tembenuzani mabatani onse, ndipo mumvetsere musanapereke ndalama. Wogulitsa akakana kuti muyese, pitani pashopu ina. Mukafika nazo kunyumba, nthawi ya dzinja muzisunga maikolofoni m'chikwama chotseka pamodzi ndi timapaketi ta silica gel topezeka m'makatoni a nsapato, popeza chinyontho cha kunyanja chimachititsa dzimbiri pa mano a zingwe ndi m'mabowo a mikisa.